Mtedza wa Apongozi

Tsiku limene Esnart anasankhidwa kukhala kapitawo wa amayi oswa mtedza pa kopaletivi ina ku Kabudula, anthu anaseka m'malo momuyamikira. Pakati pa amayi amene ankayenera kuwayang'anira panali a Marita, apongozi ake enieni. Esnart anali mtengwa, ndipo kunyumba madzi akumwa ankawapatsira atagwada. Tsono munthu amene wamugwadira m'mawa, masana ungamulamule bwanji?

Lamulo lalikulu pa shedi yoswerapo mtedzayo linali loti mtedza usawazidwe madzi. Kwathu kuno aliyense amadziwa kuti ukauwaza makoko amafewa, zala zimapumako, koma pakapita masiku mtedzawo umachita chuku ndipo ogula amaubweza. A Chikoti, manijala, ananeneratu kuti wopezeka akuwaza, ntchito yatha.

Tsiku lina masana a Chikoti anapisa dzanja m'thumba lina, nkhope n'kusintha.

"Mayi kapitawo, mtedza uwu ndi wonyowa. Waswa ndani?"

Thumbalo Esnart analidziwa, ndipo apo m'pamene anaona kabotolo ka madzi kakusuzumira pansi pa chitenje cha apongozi ake. A Lines, mmodzi wa amayi oswawo amene anakhala pafupi naye, anamunong'oneza: "Ingonenani kuti denga likudontha." Denga kudontha mu Julaye, kumwamba kuli mbee!

Esnart anachita mantha. Iye anali mayi wa Chigwirizano kutchalitchi, ndipo sabata yomweyo anali atawerengera anzake mawu oti inde wanu akhale inde. Kunama sakanatha. Koma a Marita anali amasiye, ndipo ntchitoyi ndiyo inkawachititsa kuyenda mutu uli m'mwamba, osapempha sopo kwa ana.

"Bwana, thumbali ndi la amayi anga," anatero Esnart. "Koma musanagamule, tabwerani muone."

Anagwada pamaso pa a Marita monga amachitira kunyumba, kapitawo wathunthu, n'kutambasula manja awo. Zala zinali zotupa, chala chachikulu chitang'ambika mpaka kuoneka kufiira.

"Munandipatsa anthu, bwana, koma ine maso anali pa matumba, manja awa osawaona. Mtedzawu ndiuyanika ndekha. Amayi apite kosankha, pamalo pawo poswa ndikhalapo ine."

"Kapitawo kuswa mtedza?" anadabwa a Chikoti. "Nanga mpando tinakugulirani uja?"

"Ambuye Yesu anasambitsa mapazi a ophunzira awo. Ine makoko sangandiphe."

A Chikoti anakanda m'mutu, kenako anaseka. "Chabwino. Koma akabwereza, mudzapitira limodzi, eti?"

Poweruka a Marita anatsogola okha, osacheuka, ndipo Esnart anawatsatira kumbuyo. Kuwatchula apongozi pagulu si nkhani yamasewera. Anangopemphera kuti Mulungu awafewetse mtima, popeza munthu suwaza madzi ngati mtedza.

M'mawa mwake a Marita anakhala pa mpando wa kapitawo, lichero lili pamiyendo, ngati anabadwira pomwepo. Esnart anali pamphasa ndi anzake, akuswa. Dzuwa lisanafike pamutu zala zinayamba kumuwotcha, ndipo a Lines ankangomuseka kuti manja a ukapitawo sachedwa kufewa.

Lichero lake litadzaza, analinyamula n'kukagwada nalo kwa wosankha. A Marita anapisamo dzanja, ananunkhiza, analuma njere imodzi kuti amve ngati yauma.

"Akapitawo!" anaitana mokweza. "Muli makoko umu. Bwererani nawo, mukapete bwino."

Shedi yonse inafa nacho chiseko, mpaka a Chikoti anatuluka mu ofesi kudzaona. Esnart nayenso ankaseka potola lichero lake, koma a Marita anamugwira mkono, n'kuyang'ana zala zake zofiirazo.

"Tikafika kunyumba ndikakuthowa ndi madzi otentha, mwana wanga," ananong'ona.

Chikwatiwire m'mudzimo, mawu oti mwana wanga Esnart anali asanawamvepo pakamwa pawo.