Mipando ya Galimoto ya Fernando

Madzi osefukira ataphwera kwa Mlolo, Fernando anakapeza galimoto yake itatsamira mtengo wa masawu, matope atafika m'mawindo. Injini anaidzutsa mlamu wake Geresomo, yemwe ndi makaniko. Mipando ndiyo inakanika. Anaichapa, kuiyanika masabata awiri, koma siponji inali itamwa madzi a Shire pamodzi ndi zonse zimene madziwo ananyamula. Dzuwa likangotentha, fungo linkatuluka.

Ntchito ya Fernando inali kunyamula amalonda a nsomba kupita nawo ku Chikwawa, ndipo iwo za fungo analibe nazo kanthu. Amene sankatha kupirira ndi mkazi wake Luisa. Chaka chinali chitatsala pang'ono kutha akutaya magazi, ndipo madokotala a ku Blantyre anali atanena kuti ndi khansa ya khomo la chiberekero. Kawiri pa mwezi Fernando ankapita naye kukalandira mankhwala. Akangolowa m'galimotomo, Luisa ankayamba kusanza asanafike n'komwe pamsewu wa phula.

Tsiku lina akuchokera kuchipatala anaima pa boma la Chikwawa, kuseri kwa msika, kumene a Howard ankasoka mipando ya galimoto. Luisa anakhala pa benchi pamthunzi. A Howard anatulutsa zidutswa ziwiri, china chachikopa chakuda, china chansalu yotuwa, n'kuziyala pa boneti.

"Sankhani, bambo. Nsalu ndi yozizira, koma imamwa chilichonse chimene chatayikirapo. Chikopa mumangopukuta ndi kasanza, basi."

"Tiyeni titenge nsalu," anatero Luisa ali pa benchi pomwepo. "Chikopa kuno? Ikadzafika Okutobala mudzatiwamba ngati milamba."

A Howard anaseka. Fernando sanaseke. Ankaganiza za ulendo wa m'mawa womwewo. Akukwera mtunda wopita ku Blantyre magazi anapyola zitenje ziwiri, ndipo atafika kuchipatala Luisa anakana kutsika mpaka anthu atachepa pakhomo. Fernando anakhala akupukuta mpando ndi malaya ake, banga osachoka.

"Ikani chikopa," anatero Fernando.

Luisa anamuyang'ana nthawi yaitali. "Mukuopa kuti ndidzaipitsanso."

"Nkhabe, si choncho, mayi a Yamiko. Ndi chifukwa cha nsomba."

"Nsomba zimakhala kumbuyo, bambo a Yamiko. Kutsogolo ndimakhalako ndine."

A Howard anayamba kupinda zidutswa zija ngati sakumva. Fernando anafuna kusintha mawu, koma Luisa anali atadzuka kale, atagwira mzati wa chisakasa. "Ikani chomwe anenacho, bambo," anauza a Howard. "Mwina iwo ndi amene akuona patali."

Kenako ananyamuka kubwerera kumudzi.

Mipando inatha kusokedwa kumayambiriro kwa Okutobala. Inali yokongola, ndipo fungo lija linatheratu. Koma galimoto ikaima padzuwa ola limodzi, munthu sankatha kuikapo dzanja. Fernando anayala bulangete pampando wa Luisa, bulangetelo n'kumatsetsereka. Paulendo wotsatira chikopacho chinamuotcha Luisa pamkono, iye n'kungousuntha. Fernando akanakonda Luisa atamukalipira.

Tsiku limenelo dokotala anawaitana onse awiri m'chipinda n'kutseka chitseko. Anati matenda afalikira, mankhwala aja sakuthandizanso. Anawapatsa botolo la mankhwala ochepetsa ululu ndi kalata yokapereka kuchipatala chaching'ono chakwawo. Anati asavutikenso ndi ulendo wa ku Blantyre.

Potsika mtunda, Luisa analibe mphamvu zodzigwira. Pokhota paliponse ankatererekera kuchitseko, ndipo Fernando anayendetsa ndi dzanja limodzi, linalo atamugwira paphewa. Kumunsi chigwa chonse chinali mbuu ndi fumbi.

Luisa sanakwerenso galimoto. Ankagona pamphasa pakhonde, mwana wawo Yamiko akumuingitsira ntchentche. Amayi a kutchalitchi ankabwera Lachinayi kudzaimba, kenako anayamba kubwera tsiku lililonse.

M'mawa wina Fernando anakhala pambali pake. "Mayi a Yamiko, za tsiku lija ku Chikwawa. Ndinalakwa. Ndikanamvera inu."

Luisa anali maso, koma mankhwala anali atamulemera. Anamuyang'ana ngati mlendo, n'kufunsa ngati mbuzi zatsekulidwa.

Anamwalira Disembala ali pakati. Maliro atatha, achemwali ake a Luisa anatenga Yamiko kupita naye kwawo ku Mozambique, ati mtsikana sangaleredwe ndi bambo wokhalira pamsewu. Fernando anasiya galimoto pakhomo, anawaperekeza mpaka padoko, n'kuima pamenepo mpaka bwato litaoloka. Kenako anabwerera kunyumba wapansi.