Mutu Wachinayi wa Buku la Amuna Anga

Amuna anga, Pulofesa Jameson Kalimanjira, adyera chingwe kwa zaka makumi atatu. Sikuti amanyonga anthu, ayi. Nkhuku imene sangaizinge. Ikafunika kupha amaitana ine, iwo n'kukaima kuseri kwa nyumba foni ili kukhutu. Koma ku yunivesite ntchito yawo inali yofufuza ndi kuphunzitsa za umbanda ndi zilango, ndipo mfundo yawo inali imodzi basi: munthu akadziwa kuti akapha mnzake nayenso adzanyongedwa, mpeni amaubwezera m'thumba.

Ine ndine Fanny, mkazi wawo. Mawu onse amene anasindikizapo anadutsa m'zala zanga, kuyambira pa makina otayipira ogogoda aja mpaka pa kompyuta. Ndiye ndikamanena za mutu wachinayi wa buku lawo, ndikunena za mwana amene ndinamusambitsa ndekha.

Mutu wachinayiwo unali wa mudzi wa Nambalika, kunyanja, kufupi ndi Chipoka. M'mafayilo a apolisi amuna anga anapeza kuti kale pa doko la mudziwu anyamata ankabayana pafupifupi chaka chilichonse, polimbirana maukonde, akazi, ngakhale malo oyanikapo usipa. Kenako mu 1997 khoti linagamula kuti mnyamata wina wakumeneko, Hashim Ismael, anyongedwe chifukwa chopha munthu. Kuchokera pamenepo, zii. Amuna anga anajambula mzere wokwerakwera kenako n'kugwa pansi ngati papaya lakupsa, ndipo mzere umenewu ndi umene unawakweza ndege kangapo konse. Owatsutsa akawakumbutsa kuti dziko lino linasiya kalekale kunyonga, kuti ogamulidwa amangokhala m'ndende, iwo ankayankha monyada kuti, "Ngati chigamulo chokha chachita zimenezi, nanga chingwe chenichenicho?"

Ku Nambalikako anali asanapondeko phazi. Ndikafunsa ankati, "Mayi a Ella, manambala sanama. Kumeneko ndikatengako chiyani, mchenga?"

Chaka chatha anapuma pantchito. A yunivesite anakonza zoti akakambe nkhani yotsanzikira pa hotela ina ku Senga Bay, Loweruka, m'Chichewa, wailesi ikuulutsa pompopompo. Anakonzanso minibasi yokatenga anthu a ku Nambalika kuti adzawaombere m'manja chifukwa cha mtendere wa mudzi wawo. Ife tinafika ku hotelayo Lachitatu. Lachinayi m'mawa ndinawauza kuti n'zochititsa manyazi kulandira alendo amene kwawo sukudziwa. Anavomera kupita, koma chifukwa chofuna chithunzi choti akaonetse pakhoma polankhula.

Titasiya tala, galimoto inatitimira mumchenga. A pulofesa anatuluka kukakankha, ndipo mimba itakumana ndi buti ya galimoto, batani la malaya linadumphira kutali. Tinalowa m'mudzi mchombo uli pamtunda.

Mudziwo unandidabwitsa. Nyumba zambiri zinali za malata, zina za masola padenga. Amayi ankatembenuza usipa pa mathandala, madala ankasoka maukonde pansi pa mtengo wa mango, ana ankathamangitsana. Anyamata ndiye anali ochita kuwerenga ndi zala.

"Ukuona mtendere umenewu?" anatero amuna anga, atagwira malaya pamimba.

Ndinafunsa mayi wina ngati kuli telala. Anatilozera nyumba ya khonde lobiriwira. "Pitani kwa Che Hashimu, mtchona uja. Anaphunzirira ku Joni, dzanja lake ndi labwino."

Kunyanja kuno a Hashimu ndi ambiri, ndiye dzinalo silinatiuze kanthu. Tinapeza bambo wa imvi zapatalipatali, wovala kofiya yoyera, akupalasa makina. Anatilonjera mwaulemu, natipatsa benchi, nayamba kusaka batani lofanana m'kachitini. Amuna anga anavula malaya n'kukhala ndi kavesiti kosafika pamchombo. Koma pulofesa ndi pulofesa, angakhale wosavala. Akaona munthu wakhala chete amayesa kalasi.

"Kodi mukudziwa kuti mudzi wanu uno ndi wotchuka mpaka kunja?" anayamba motero. "Chifukwa cha mnzanu wa dzina, Hashim Ismael, amene anagamulidwa kuti anyongedwe. Chigamulo chake ndi chimene chinakuopsani nonse muno mpaka kusiya kuphana."

Singano inaima. Telala uja anasuzumira kuseri kwa nyumba, kumene mayi wina ankatsuka mbale akuimba, kenako anatiyang'ana ife.

"Bwana, tiyeni tilowe m'nyumba," anatero motsitsa mawu.

Titalowa anatseka chitseko. "Hashim Ismael ndine. Mawu amenewa mwawatenga kuti?"

Amuna anga ankaganiza kuti munthuyo anafera kundende kalekale. Sanafufuzepo, poti pamzere wawo ntchito yake anali atamaliza.

Che Hashimu anafotokoza akusoka batani lija, maso ali pamalaya. Anachoka ku Nambalika ali mnyamata, atatsanzika mudzi wonse kuti akupita ku Joni. Anangofika ku Lilongwe. Kumeneko ankagwira ganyu yonyamula katundu kuti apeze yoyendera, ndipo tsiku lina anayambana ndi mnzake wa ganyu, namumenya ndi chitsulo, munthuyo n'kufa. Apolisi analemba mudzi wakwawo m'fayilo monga amachitira. Mlandu unazengedwa ku Lilongwe komweko, ndipo wa ku Nambalika amene anamva chigamulo anali mmodzi yekha, mayi ake, Abiti Haruna.

"Amayi atabwerera kuno anauza anthu kuti ndafika bwino ku Joni," anatero. "Nanga akanati chiyani? Kuti anabereka wakupha? Akafuna kudzandiona kundende ankati akupita kukalandira katundu amene ndatumiza. Pobwerera ankatsika pa Salima, n'kugula bulangete ndi za usipa wawo, n'kulowa nalo m'mudzi atasenza pamutu kuti aliyense aone. Chaka china anagula wailesi."

"Ndiye anthu ano sakudziwa?" anafunsa amuna anga.

"Ankadziwa ndi Allah ndi amayi. Amayi anatisiya ine ndikadali mkati. Tsopano mwawonjezekera inu awiri."

"Koma kuphana kunatha! Manambala akuonetsa!"

"Kunathadi, bwana. Chaka cha wailesi chija anyamata asanu ndi awiri ananyamuka kunditsatira. Anati ngati Hashimu, amene sankatha n'kupalasa bwato komwe, akutumiza wailesi, ife tikudikira chiyani? Iwowo anafikadi, n'kuyamba kutumiza zenizeni. Kuyambira pamenepo mnyamata akangomera ndevu, ulendo. Malata mwawaonawa ndi awo."

"Nanga amene ankabayana aja?"

"Ali ku Joni. Ngati akubayana, akubayana komweko."

Ndinaluma mlomo kuti ndisaseke, Mulungu andikhululukire. Zaka zonsezi ndinkatayipa za mantha a chingwe, pamene nkhani yonse inali bulangete la pa Salima.

Che Hashimu anati milandu ya ogamulidwa kunyongedwa itaunikidwanso, anamutulutsa atakhala zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Utelala anaphunzirira kundende. Anabwera kumudzi ndi kachikwama kamodzi, anthu n'kungoti Joni inamudya, monga imadyera matchona ambiri. Anyamata amene anamusowa ku Joniko, iye anawauza kuti Joni ndi yaikulu. Kenako anakwatira Salma, amene ankatsuka mbale uja, ndipo ali ndi mwana wamkazi mmodzi.

"Dzina lanu lili m'buku langa," anatero amuna anga.

"Lili m'Chizungu?"

"Eya."

"Alhamdulillah. Ndiye palibe kanthu."

Apa ndinaona kuti a pulofesa akufuna kuvala malaya n'kuthawa, ndiye ndinanena ndine. Ndinamuuza za Loweruka, za Chichewa, za wailesi, ndi za minibasi. Che Hashimu anamaliza kusoka, naluma ulusi, napereka malaya ndi manja awiri.

"Salma sadziwa," anatero. "Alongo ake akamva adzamutenga, ndi mwana yemwe. Munthu uja ndinamuphadi, sindikana, ndipo ndimamupempherera swala iliyonse. Koma ndinakhala zaka zonse zija ndikumvetsera mapazi a woyang'anira ndende, kuti kapena lero ndi lero. Kodi chilango chija chatsalako china, bwana?"

Amuna anga, katswiri wa zilango, anangovala malaya awo n'kutuluka.

Lachisanu lonse anangozungulira m'chipinda cha hotela. Khoswe anali atakhala pamkhate. Akakamba mutu wachinayi monga unalembedwera, anama, n'kupasula banja la munthu. Akanena zoona zake, adzigwetsa okha, banja lija n'kupasukabe. Masana anayesa kundinyengerera.

"Mayi a Ella, manambala aja akadali oona. Ndingochotsa dzina, nditi mnyamata wina wa m'mudzimo."

"Ndiye anthu a m'minibasi aja akabwerera akayamba kuwerengana kuti mnyamata wake ndi uti amene anasowa mu 1997? Bambo a Ella, mudzi si yunivesite. Pofika mawa lake adzakhala atamupeza."

"Ndiye ukuti nditaye ntchito ya moyo wanga wonse chifukwa cha telala?"

"Ine sindikuti kanthu. Koma zimenezo mutayipe nokha."

Ndinakwiya, ndipo ndinawamveranso chisoni. Munthu wa zaka makumi asanu ndi limodzi ndi zisanu kuzindikira kuti ndege zonse zija anakwera ndi tikiti ya Abiti Haruna, si zophweka.

Loweruka holo inadzaza. Akuluakulu a yunivesite anakhala kutsogolo, a wailesi anaika zimaikolofoni zawo, ndipo anthu a ku Nambalika anapatsidwa mzere wachiwiri. Pakati pawo panali Che Hashimu atavala mkanjo woyera. Anzake anamukakamiza kubwera, ati poti ndi woyenda, akawathandize pakatuluka Chizungu. Salma anakhala pambali pake.

Amuna anga anakamba mutu woyamba, wachiwiri, wachitatu, kenako anamwa madzi n'kudumphira wachisanu. Ndinapuma pang'ono. Ndinati mwina tidutsa choncho, mwakachetechete ngati mphaka. Koma nthawi ya mafunso inaimirira Dokotala Lusungu Mhone, amene anali wophunzira wawo kale ndipo wakhala akuwatsutsa m'mapepala kwa zaka khumi.

"Pulofesa, mwatisiyira njala," anatero mwaulemu wonse. "Umboni wanu waukulu uja simunaukhudze, chonsecho eni ake a mudzi ali pompano. Tafotokozani za munthu wa ku Nambalika amene anagamulidwa kunyongedwa."

Anthu a mzere wachiwiri anayang'anana. Che Hashimu anayang'ana pansi.

Amuna anga anavula magalasi, nawapukuta ndi tayi, nawavalanso.

"Munthu ameneyo kulibe," anatero. "Ku Nambalika sikunachokepo munthu wogamulidwa kunyongedwa. Ndinasokoneza mafayilo a midzi iwiri. Mutu umenewo ndinaulemba ndili mu ofesi, kumudziko ndisanafikeko. Amene muli ndi bukulo, mutu wachinayi muung'ambe."

Ine ndinkadikira chiganizo chotsatira, chimene pulofesa aliyense amakhala nacho m'thumba: kuti analakwitsa ndi wotayipa. Ndinali nditakonzeka kale kuchisenza. Sananene. Anasonkhanitsa mapepala awo n'kukhala pansi.

Anayamba kuomba m'manja ndi anthu a ku Nambalika, poti anamva kuti mudzi wawo wayeretsedwa pa wailesi. Akuluakulu a yunivesite anaombako kawiri katatu, nkhope zili gwa. Dokotala Mhone, amene anadikira tsiku limeneli zaka khumi, anakhala pansi ngati wamenya munthu wodwala.

Zaka makumi atatu amuna anga ankanena zabodza akuyesa zoona, dziko n'kumawaombera m'manja. Tsiku lokhalo limene ananama akudziwa ndi limene ine ndinawanyadira, ndipo sindichita manyazi kunena kuti ndinalira.

Potuluka, anthu a minibasi anandanda kudzagwirana nawo chanza. Che Hashimu atafika anagwira dzanja lawo ndi manja onse awiri, nayang'ana pamimba pawo.

"Batani lija likugwirabe, bwana?"

"Likugwira," anayankha amuna anga.

Salma anaseka, nakoka mwamuna wake kuti asatsalire minibasi.

Chipinda cha mabuku chimene a yunivesite ankati achitcha dzina la Kalimanjira anachitcha dzina la munthu wina. Nyuzipepala ina inalemba za pulofesa amene anafufuza mudzi wolakwika, ndipo amuna anga anaiwerenga mpaka kumapeto. Lamlungu lotsatira ndinati ndiwaphere nkhuku. Anakaima kuseri kwa nyumba monga mwa masiku onse, koma foni sanaiike kukhutu. Panalibenso wowaimbira.