Zithunzi za Pamlatho

Foni inaliranso patebulo lodulira nsalu, ndipo mkazi wa telala anaisuzumira. Anali yemwe uja, mayi wa saluni ya pafupi ndi mlatho.

"Bambo a mwana, akukufunaninso achemwali anu a mvula aja," anatero uku akusita malaya.

Telala anaseka osachotsa phazi pamakina. "Aaa, mayi a mwana, amangotiuza pamene madzi afika."

"Poyeza madzi mpaka kupaka milomo? Utsi sufuka popanda moto."

Chisefukire mtsinje chaka chatha, telala anatsegula gulu la pafoni loti anthu azichenjezana. Mayi wa saluni, poti zenera lake linayang'ana kumtsinje, ndiye ankatumiza zithunzi, nkhope yake ili pambali. Telala ankamuthokoza pagulu tsiku ndi tsiku. Mkazi wake, wosita mpaka msana kuwawa, zikomo ankangomumvera kwa makasitomala.

Telala atapita kukagula ulusi, anasiya foni patchaja. Mkaziyo anapukuta manja, anachotsa mayi wa saluni pagulupo, nambala yake n'kuitsekeratu. Mtima unakhala m'malo.

Masana kumtunda kunada bii, koma kuno sikunagwe ngakhale dontho. Telala anabwerako n'kupitiriza kusoka. Foni inali zii.

Mwadzidzidzi mayi wa saluni anatulukira pakhomo ali wefuwefu, wopanda nsapato, matope mpaka m'mawondo.

"Mlatho wamira! Ndikutumiza sizikupita, ndikuimba sizikulowa. Wandichotsa ndani?"

Telala anatsegula foni, kenako anayang'ana mkazi wake. Anajambula mawu ochenjeza gulu n'kuthamangira kunyumba za kumunsi.

Palibe anamwalira. Koma madzi anapeza anthu asanasamutse kanthu, ndipo matiresi, mabuku a ana ndi mbuzi za mayi wina wamasiye zinapita.

M'mawa mwake anthu anayamba kufunsa pagulu chifukwa chake chenjezo linachedwa. Mkazi wa telala ankawerenga akudikira kuti atchulidwe. Mayi wa saluni, amene anali atabwezeredwa pagulupo, anayankha yekha: "Pepani abale, ndinadina molakwika n'kutuluka ndekha."

Zimenezi zinamupweteka mkazi wa telala kuposa kutukwanidwa. Mayi wa saluniyu, kuwonjezera pa kukongola, analinso ndi mtima wabwino!

"Ukupita kuti?" anafunsa telala atamuona akunyamula ndowa ndi tsache.

"Kwa amasiye aja. Matope sadzichotsa okha."

Anadzera njira yakuseri, yosadutsa pasaluni.