Mizati ya Rahma

Useni adamva khasu likugunda kuseri kwa nyumba asanamalize tiyi. Atatuluka adapeza alamu ake, a Fakiri, akukumba mzati woyamba, thukuta lili kamukamu. Sadaka ya malemu mkazi wake Rahma inali itangodyedwa dzulo lake, mikeka isanapindidwe n'komwe.

"Alamu, mizatiyo yakulakwirani chiyani?"

"Zonse zimene mudazika pano zizuke," adayankha a Fakiri osadzutsa mutu. "Kenako inunso. Tikusudzulani Lachisanu. Mwana wanu Talandira atsala kuno kwawo kwa amayi ake."

Useni anali mkamwini pa Liwaladzi, ndipo ankadziwa kuti kusudzulidwa kudzafika. Koma kupirikitsidwa ngati mfiti, kusiya mwana wake mmodzi yekhayo, zimenezo sadaziyembekezere.

Mlandu wake unali matenda a Rahma, matenda opanda ulemu. Mwezi uno mwendo wachita dzanzi, diso limodzi lachita chifunga. Pakapita masabata, uyo ali kudambo akuwokera mpunga. Poyamba anthu ankati akunamizira. Atatopa nazo zimenezo adapeza nkhani ina: mwera ukatha, kutentha n'kuyamba, usipa n'kuchuluka mu ukonde wa Useni, m'pamene miyendo ya Rahma inkakana. Pamudzi anthu sachedwa kuphatikiza. Ankati munthuyu akukhwimira mkazi wake.

"Ndikuuzeni kangati, alamu? Adokotala ku Lilongwe adati ndi multiple sclerosis. Asilikali a m'thupi mwake momwe ndiwo ankadya chikuto cha mitsempha, ngati khoswe pa waya wamagetsi. Kukatentha zimakula. Matendawa amayamba ndi kubwera n'kupita, kenako amakhazikika osachokanso. Si mmene zidayendera?"

"Chimayambitsa n'chiyani?"

Funso lomwelo Useni naye adalifunsa mpaka kuwatopetsa adokotalawo.

"Akuti sichidziwika bwinobwino. Mwina kachilombo kena, mwina za kumtundu..."

"Kumtundu? Mwayamba kutukwana mtundu wathu tsopano? Iwo sakudziwa, ife tikudziwa."

Useni adapsa mtima. Ndani ankamusambitsa Rahma? Ndani ankanyowetsa chitenje masana onse a Okutobala n'kumamufunditsa? A Fakiri omwewa adasiya kuponda pakhomopo kalekale, ati sangalowe m'nyumba ya zizimba. Lero ndiwo achikondi! Koma pakamwa pa mkamwini m'pongodyera. Adangowatsatira pambuyo, akutola mzati uliwonse umene wazulidwa n'kuukolekera paphewa.

Mizatiyo idadutsa pachitsime, kulowa m'munda wa chinangwa, kutulukira pa bwalo la a Fakiri. Womaliza unali pafupi ndi khonde lawo, ndipo sunalinso mzati ayi: unali utaphuka masamba, nthambi zake zothyoledwathyoledwa. Khasu lidaluma kawiri, mtengo osagwedera.

"Mwaona? Mpaka pakhomo panga! Mumafuna munditsirizenso ine?"

"Ine ndidafuna kuzika yopita kubafa basi," adatero Useni. "Mlongo wanu adakana. Adati, achimwene sabwera, ndiye ndizipita ine. Miyendo ikalola ankagwira mzati uwu, kupuma, kugwira winawo. Masiku ambiri ankabwerera m'chinangwamo akulira. Akafika ankakupezani mwapita kudambo, n'kuletsa akazi anu kukuuzani, kuti mungamukalipire."

A Fakiri adafwenthera. "Nkhani zopeka."

"Nanga bwanji ina yonseyi ndi nsungwi, uwu wokha ndi chammwamba? Adasankha yekha. Adati, achimwene shuga yawavuta, anthu akuti masambawa amathandiza, ndiye azithyola pafupi. Ndiwo zimene mwakhala mukudyazo mumayesa zikuchokera kuti?"

Khasu lidatsika pang'onopang'ono. A Fakiri adayang'ana mtengowo ngati akuuona koyamba. Cha m'chiuno mwawo khungwa linali losalala, lodetsedwa ndi dzanja limene linkagwira pamodzimodzi. Adaikapo chikhatho chawo, ndipo chidaphimba malo onsewo n'kutsalako.

Za Lachisanu sadanenepo kanthu, ndipo Useni sadafunse. A Fakiri adagwada, nabweza dothi ndi manja pamizu imene adaivundukula, n'kutsindira ndi chibakera. Kenako adadzuka, nasolola nsungwi imodzi paphewa pa Useni, n'kulowa m'chinangwa muja maso ali pansi, kufunafuna dzenje lake.