Mimba ya a Fanwell

Pa Chiponde panalibe wosadziwa mimba ya a Fanwell, bwana wa kasitomu pachipata cholowera ku Mozambique. Inkayamba ndiyo kulowa mu ofesi, eni ake n'kumabwera pambuyo. Amalonda ankawatulira mbuzi, mafuta ophikira ndi shuga, ndipo anthu ankatama mkazi wawo Agatha kuti amadziwa kusamala mwamuna. Agatha naye ankanyada, tisaname.

Tsiku lina ataima padzuwa kudikira akuluakulu a chipani, a Fanwell anachita chizungulire n'kugwa khu! Kuchipatala adokotala anawakweza pa sikelo, anawayeza msinkhu, n'kufananiza ziwirizo.

"Mayi," anauza Agatha, "thupi ili lapitirira kwambiri msinkhu wawo. Magazi akuthamanga, shuga wayambanso. Likapanda kuchepa, mtima udzatopa, kapena adzafa ziwalo."

Agatha mantha anamugwira, ndipo sanagone tulo pa nkhaniyi. Chambo analeka kukazinga, ankangowotcha. Nyama yonona ankagawira anzake. Kuntchito ankawakakamiza kupita wapansi, njinga yamoto aisiye. Pofika nthawi yokolola lamba anali atabooledwanso, bambo aja akukwera chitunda popanda wefuwefu.

Koma zinali zaka zija matenda atsopano atangofika, aja anthu ankangowatchula monong'ona. Munthu ukangowonda, basi, mlandu wako watha. Pamsika amayi ankakodolana Agatha akamadutsa. Ku ofesi anzawo a Fanwell anawapatulira kapu yawoyawo. Mlongo wawo, a Annie, anachita kukwera basi kuchokera ku Ntcheu kudzaona okha.

"Alamu, achimwene mwawatani? Kumudzi kwamveka kuti ndi kaliwondewonde, ati mwawapatsa ndinu."

"Ananena ndi adokotala, alamu," anatero Agatha.

"Dokotala wanji wouza munthu wabwinobwino kuti awonde? Zamkutu!"

Tsiku lomwelo a Fanwell anakankha mbale ya masamba n'kutembenukira kwa Agatha. "Amayi a Ellard, ine zondiloza zala ndatopa nazo. Bola kufa."

"Ndiye mufadi, bambo."

"Ndidzafa ndi ulemu wanga."

Anayamba kudyera kunja, chipisi ndi kanyenya wa pachiwaya, mowa pamwamba. Agatha analira, anagwada, mpaka anaitana ankhoswe. Ankhoswe ake ati? Anabwera kudzadzudzula iyeyo kuti akumumana mwamuna wake chakudya. Thupi linabwerera, linachita kuposa kale. Zitsiru zomwe zija zinkawathawa zinayambanso kuwagwira chanza ndi manja awiri, ati, "Bwana, mwachira!" Agatha ankangomva, mtima ukuwawa.

Chaka chotsatira, mvula isanagwe, anawapeza atagwa pampando mu ofesi, pakamwa patapotoka. Galimoto inawanyamula, koma ku boma sanakafike.

Pamaliro bokosi linavuta. Amuna ankalandizana pafupipafupi, thukuta lili kamukamu, ena akudandaula mapewa. A Annie anasendera pamene anakhala Agatha ndi ana ake, n'kumunong'oneza, mawu ake okhutira ndithu.

"Limbani mtima, alamu. Mwaona mmene akulemerera? Tsopano palibe anganene kuti apita ndi zija. Banja lathu layera."

Agatha misozi inauma. Mkwiyo unamukwera, ndipo sanasamale kuti azimayi a mpingo akumva.

"Layeradi, alamu. Ana ndi awa. Auzeni ndinu kuti bambo awo amwalira ali bwinobwino."