Singano M'thumba la Jekete

Tsiku limene mpingo unasankha amuna anga kukhala mkulu wa mpingo, anabwera kunyumba nkhope ili yakugwa ngati akuchokera kumaliro.

"A-a-alakwitsa," anatero. "Ndi-ndikakana."

"Mukakana chiyani?" ndinawafunsa. "Amene anatuma Mose anamutuma ndi ndodo. Inuyo angakutumeni chimanjamanja?"

Amuna anga ndi osoka nsapato, ndipo ali ndi chibwibwi choti mawu amodzi mutha kuwadikira mpaka tiyi kuzizira. Koma akakhala pa benchi lawo, nsapato ili pakati pa mawondo, singano ili m'manja, chibwibwi chimathawa. Anthu amabwera ndi nsapato zabwinobwino pongofuna malangizo. Maukwati angati amene akonzedwera pa benchi limenelo? Mpingo sunasankhe mwakhungu, ine ndinkadziwa.

Vuto linali lamulo lathu. Mkulu watsopano amalalikira Lamulungu lotsatira, ndipo akalephera, udindo umapita kwa amene anabwera wachiwiri. Wachiwiriyo anali bambo a golosale, amene anali atagula kale suti.

Sabata yonse ndinkawaimika pagalasi kuti ayeserere. Zinkangoipiraipira. Lamulungu m'mawa ndikusita jekete lawo, ndinapeza singano ndi ulusi m'thumba.

"Abale inu, mpaka kutchalitchi? Mukufuna kundichititsa manyazi?"

Ndinaziponya pawindo. Iwo anangotuluka panja ngati akukasamba m'manja.

Nthawi itakwana anakwera pagome, n'kutsegula Baibulo.

"A-a-a-abale..."

Basi, mawu anathera pomwepo. Thukuta linali kamukamu. Kumbuyo ena anayamba kuseka chamumtima, mapewa okha akugwedezeka. Bambo a golosale anatsokomola, n'kukonza tayi, n'kuyamba kudzuka. Ndinati chamumtima, Ambuye, munthuyu sanadzisankhe yekha, ndiye musandiuze kuti mwamuiwala.

Amayi busa ananyamuka kuti akawapatse madzi. Atangoponda sitepe yachiwiri, lamba wa nsapato yawo anaduka, thapu! Madzi anatayika, nsapato inagubuduka mpaka pamapazi pa amuna anga.

Wosoka nsapato sangaone nsapato yoduka n'kuyang'ana kumbali. Anawerama, anaitola, anapisa m'thumba. Singano ija! Kani anakaitola kuseri kwa windo. Anakhala pasitepe, nsapato pakati pa mawondo, n'kubaya chikopa.

"Nsapato iyi ena akanaitaya," anatero, maso ali pa ulusi. "Koma mwini wake amadziwa kumene yamufikitsa. Saiona yoduka n'kuiiwala. Amaifunira wosoka, amaifunira ulusi, chifukwa ulendo sunathe."

Mawu ankangotuluka, osakodwa ngakhale pamodzi. Anakamba za anthu amene Mulungu anawatuma ali operewera, wina wolemera lilime, wina wamantha, wina wamng'ono m'banja mwawo, ndi mmene aliyense anapezera chomuyenera panjira. Amayi busa anangoima ndi phazi limodzi, atagwira gome, misozi ikutsika. Bambo a golosale anakhala pansi pang'onopang'ono.

Atamanga mfundo yomaliza, analuma ulusi, n'kupereka nsapato.

"A-a-ameni," anatero.

Mpingo unayankha mpaka malata kulira. Ine ndiye ndinafuula kuposa onse, ndipo sindikupepesa.

Potuluka, bambo a golosale anatiimitsa pakhomo. Ndinakonzeka kuwayankha, pakamwa ndili napo. Koma iwo anangokweza phazi, n'kutionetsa chidendene chimene chinayamba kumatuka.

"Akulu a mpingo," anatero, "mukadzalalikiranso, mudzasoke yangayi."

Lero amuna anga akamalalikira, pansi pa gome pamakhala dengu la nsapato. Ndipo ine, amene ndinataya singano ija pawindo, ndi amene ndimalowetsa ulusi m'mawa, n'kuiika ndekha m'thumba la jekete.