Mwendo Winawo Patsogolo

Lereko anagwanso. Anatera pa chipale mofewa ngati nkhuku yokhalira mazira, manja ake akadali m'manja mwa Moliehi.

"Abuti Lereko, ndati mupinde mawondo! Muziyang'ana kumene mukupita, osati nkhope yanga."

"Kumene ndikupita ndi kumanda, ausi. Bola nkhope yanu."

Moliehi sanaseke. Kwawoko mwamuna amamuitana mwaulemu kuti abuti, mkazi ausi. Mphepo ya Ogasiti inali itayamba kale m'mapiri a Maloti, kumene kumagwa chipale nyengo yachisanu, ndipo m'mbali mwa mtsetse chipale chinkasanduka matope. Loweruka kunkabwera woyesa mayeso, mzungu amene ankafika kamodzi kokha nyengo yachisanu iliyonse. Wopambana ankalandira satifiketi yophunzitsa anthu kutsetsereka pa chipale ataima pa thabwa. Wolephera ankadikira chaka chamawa, ndipo kwa Moliehi kudikirako kunali kubwerera m'shedi yobwereketsa nsapato, kugwada tsiku lonse kumanga zingwe za alendo.

Kutsetsereka ankakudziwa. Chomuopsa chinali gawo lina la mayesowo: kutenga munthu amene sanakwerepo thabwa n'kumuphunzitsa mpaka azikhota yekha. N'chifukwa chake anasangalala pamene Lereko, makanika watsopano wa chingwe chokokera anthu kumtunda, anadzipereka kuti aziyeserera pa iye. Koma nyengo inali kutha, Lereko osakhotabe. Akangomusiya manja, pansi khu!

Masana Moliehi analowa m'shedi n'kuponya magolovesi pakona. Ausi Nthati, amene ankagwira naye ntchito, anali kumwa motoho, phala lamadzimadzi lowawasa, pafupi ndi mbaula.

"Mayeso aja ndawasiya, ausi. Munthu mmodzi wandikanika mwezi wonse. Ndikachite manyazi pamaso pa mzungu?"

"Usiye chifukwa cha uja?" Ausi Nthati analoza pawindo ndi chibwano. "Tamuyang'ana."

Panja Lereko anafika pa benchi yathabwa n'kudziponyapo, phi! Anatambalala, n'kuyamba kusenda dzira.

"Waona? Iwe, alendo a ku Joni aja akagwa tsiku limodzi, mawa lake amakhala bwanji?"

"Ndi tako limodzi," anayankha Moliehi pang'onopang'ono, "ngati ali ndi chithupsa."

"Nanga manja? Kapu ya tiyi imawakanika kunyamula. Uyu wagwa mwezi wathunthu, koma taona mmene akukhalira. Kaya matako ake ndi a chitsulo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mwana iwe."

Moliehi anabwerera kuntchito, koma mtima sunakhale pansi. Anapatsa mlendo wina nsapato zonse za kumanzere. Ankakumbukira kagwedwe ka Lereko. Wophunzira weniweni thabwa limamukola mosayembekezera n'kumumenyetsa chafufumimba. Lereko ankagwera chakumtunda nthawi zonse, mwaulemu, ngati wasankha kale pogwera.

Kenako anakumbukira mzere uja. M'mawa uliwonse, mtsetse usanatsegulidwe, pa chipale pankapezeka mzere umodzi woonda ngati wodulidwa ndi mpeni, wokhotakhota kuchokera pamwamba mpaka pansi. Moliehi sanauzepo munthu, koma ankaukonda mzerewo. Ankaganizira mwini wake, n'kumupatsa nkhope zosiyanasiyana. Nkhope ya Lereko yokha ndiyo sanayesepo.

Kutangocha anadzifunda bulangeti n'kukabisala kuseri kwa makina opopera chipale. Zala zinachita dzanzi. Anafuna kubwerera, anakhalanso. Dzuwa litangopaka nsonga za mapiri, anamva phokoso ngati la nsalu yong'ambika. Munthu ankatsika kuchokera pamwamba, atapendekeka mpaka dzanja kukhudza chipale, uku ndi uku, mopanda changu. Anaima pafupi ndi makinawo n'kuvula chipewa.

Moliehi anatuluka.

"Mwadzuka bwanji, abuti woopa imfa?"

Lereko anatembenuka modzidzimuka. Kenako, mwina mwa chizolowezi, anakhala pansi.

"Dzuka! Usandigwerenso pano. Unaphunzira kuti?"

"Kutsidya kwa malire. Ndinagwirako ntchito pa phiri lina."

"Ndiye mwezi wonsewu umandiseka?"

"Ayi, ausi. Tsiku loyamba ndimafuna kukuuzani. Koma munandigwira manja onse awiri, n'kunena kuti simundisiya mpaka nditakhota." Anayang'ana nsapato zake. "Ndiye ndinaona kuti kukhota kulibe phindu."

Moliehi anamva kutentha m'masaya ngakhale kunali chisanu, ndipo zimenezo zinamukwiyitsa kwambiri.

"Ukudziwa kuti dzulo ndinatsala pang'ono kusiya mayeso? Ndimagona ndikudziona ngati chitsiru chosatha kuphunzitsa. Iwe ukusewera ndi manja anga, ine ukundidyera chaka!"

Nkhope ya Lereko inagwa, ulendo uno moona. "Zimenezo sindimadziwa. Ndikupezereni wina. Wophika uja, kapena mlonda."

"Loweruka ndi mkuja. Wophika achoke pamoto nthawi yanji?"

Anayenda uku ndi uku, chipale chikulira pansi pa nsapato. Kenako anaima, maso ali pa thabwa la Lereko.

"Umatsogoza mwendo uti?"

"Wamanzere."

"Wamanja unayesapo?"

"Kamodzi. Ndinatsala pang'ono kusiya mano paphiri. Ine ndine makanika, ausi, za mayeso sizindikhudza."

"Lero zikukhudza."

Anatulutsa sikuludiraiva m'thumba la ovolosi ya Lereko yemweyo, n'kugwada. Anamasula zomangira mapazi, n'kuzitembenuza kuti wamanja ukhale patsogolo. Lereko ataimirira, thabwa linathawa pansi pake. Anapalasa mphepo ndi manja n'kumenyetsa msana, phuu! Kulira kwake kunadzutsa agalu a abusa kutsidya kwa chigwa.

"Eya," anatero Moliehi. "Wophunzira wanga ndi ameneyu."

"Ndigwireni manja!"

"Limodzi lokha. Linalo uzilozera kumene ukupita."

Ndipo anayamba. Tsopano Moliehi ankaona zimene mwezi wonse sanazione: phewa lothawira kumbuyo, bondo louma ndi mantha, maso othamangira pansi. Mawu ena amene analoweza sanathandize, anawataya. Atati "tsamira kutsogolo," Lereko anagwa chafufumimba. Atati "ponda ngati ukuponda kilachi ya galimoto, pang'onopang'ono," thabwa linamvera. Anagwa, anadzuka, anatukwana, anagwanso. Alendo oyamba akufika pachingwe, Moliehi anatsegula dzanja mwakachetechete. Lereko anapita yekha, akunjenjemera, nakhota kumanzere. Anakuwa. Anakhotanso kumanja, mzere wake wokhuthala ndi wonyansa ngati wa khasu.

Moliehi anauyang'ana mzerewo nthawi yaitali. Unamukomera kuposa woonda uja.

Masana Ausi Nthati anasuzumira pawindo. Lereko anafika pa benchi, anaiyang'ana, anaizungulira, kenako anatsitsa thupi pang'onopang'ono n'kukhalira tako limodzi.

"Hee! Koma lero waphunzitsa munthu," anatero Ausi Nthati. "Nanga mayeso aja, wawasiyabe?"

Moliehi anathira motoho m'kapu, n'kuima pakhomo.

"Loweruka mudzamange nokha nsapato, ausi."

Anapita pa benchi. Lereko anatambasula manja kuti alandire kapuyo, koma ankanjenjemera kwambiri moti motoho unayamba kutayika. Moliehi anapukusa mutu, n'kumugwirira kapuyo ndi manja onse awiri.